Zikomo inu nonse amene munandidikira

Dzulo masana dzina langa linaitanidwa, ndinakwera masitepe aja miyendo ikunjenjemera, n'kutsika nditafumbata digiri ya uphunzitsi. Kuchokera pamenepo foni sinapume. Mauthenga anu ndawaona onse ndipo ndikuyamika Mulungu chifukwa cha aliyense wa inu. Koma pali anthu ena amene zikomo wa mu inibokosi sangawakwanire. Zimene anandichitira anazichita mwakachetechete, popanda wowaona, ndiye lero ndati ndiwathokoze poyera.

Amayi, ndiyamba ndi inu. Tinangophunzira miyezi yowerengeka m'chaka choyamba, Covid-19 n'kutseketsa sukulu. Bungwe la United Nations linati ophunzira pafupifupi 1.6 biliyoni m'maiko oposa 190 anakhudzidwa mu 2020, ndipo ine ndinali mmodzi mwa iwo, ndili pakhomo ndi chikwama cha mabuku koma wopanda mphunzitsi. Makalasi anasamukira pa Zoom. Foni yotha kulowa pa intaneti m'nyumba mwathu inali imodzi yokha, yanu. M'mawa uliwonse munkaisiya patebulo itadzaza moto, inu n'kumapita kuntchito chimanjamanja. Anthu ankakudandaulirani kuti simukupezeka, koma simunanditchulireko ngakhale tsiku limodzi. Ndinadzamva kwa achemwali patapita chaka. Netiweki inkagwira pawindo limodzi lokha, pamene panali mpando wanu, ndipo munausuntha n'kuikapo tebulo langa. Mpando umenewo unabwerera pamalo pake sukulu zitatsegulidwa.

Anzanga asanu a gulu lathu la pa WhatsApp, mukudzidziwa. Bandulo sinkakwana kuti aliyense azilowa kalasi iliyonse, ndiye tinagawana masiku. Wolowa pa Zoom tsiku limenelo ankalemba zonse, kujambula kope lake, kutumiza, kenako n'kujambula mawu ofotokoza pamene panavuta. Ndikaganiza bwino, kuphunzitsa ndinayambira pamenepo. Kufotokozera munthu amene sukumuona nkhope chinthu chimene iwenso wangochimva kumene kumakuonetsa msanga pamene sunamvetse. Ndinkafufuta n'kujambulanso mwina kanayi ndisanatumize. Inu simunanditopere.

Tsiku limene laputopu yanga inazima osayakanso, kutatsala masabata atatu kuti tipereke kafukufuku wathu womaliza, ndinakhala pansi m'chipinda cha ku hositelo n'kulira ngati mwana. Ntchito ya miyezi yambiri inali mmenemo, ndipo sindinasunge kwina kulikonse. Mnzanga wa m'chipinda, iwe unangoti, "Ine ndimalemba madzulo, iwe uzilemba ndikagona." Unkandidzutsa pakati pa usiku n'kundipatsira laputopu yako ikadali yofunda. Alekichala amene ankayang'anira kafukufuku wanga anafufuza mu imelo yawo n'kupeza mitu iwiri imene ndinawatumizirapo kale, ananditumiziranso, ndipo anandiwonjezera masiku ndisanapemphe n'komwe. Achimwene, ndikudziwa zimene munasiya kugula kuti ine ndipezenso laputopu ina. Anzanga amene mukadali pasukulu, chonde, chilichonse chimene mwalemba dzitumizireni pa imelo tsiku lomwelo, musungenso pa fulashi.

Koma amene anandichititsa kuti ndikhale pansi n'kulemba zonsezi ndi mayi amene anandilandira m'kalasi yawo pa nthawi ya TP, nthawi imene ophunzira zauphunzitsi timakayeserera kuphunzitsa pasukulu yeniyeni. Dzina lawo sinditchula, sangakonde. Ndi mphunzitsi wa sayansi amene watsala pang'ono kupuma pantchito, woyankhula motsitsa, ndipo kalasi yonse imakhala zii kuti iwamve.

Ndinafika kwa iwo ndikudziona ngati wokonzeka. Phunziro langa loyamba linali la mmene zomera zimapangira chakudya chawo. Chikonzero cha phunziro ndinalemba mothandizidwa ndi ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti yoyankha mafunso, imene inatuluka mu Novembala 2022 ndipo pofika nthawi imeneyo tonse tinali titaizolowera. Ndinakonza zithunzi zokongola, ndinabwereka pulojekita, ndinaphunzitsa mosadodoma ngakhale pamodzi. Ndinamaliza nthawi ikadalipo yambiri. Nditafunsa kuti, "Tamvana?" kalasi yonse inayankha kuti, "Eee!" Ndinatuluka mtima uli m'malo. M'mawa mwake nditafunsa zomwezo, anayankha ndi ana atatu okha, omwe aja okhala kutsogolo. Ena onse ankangondiyang'ana.

Mayi aja sanandidzudzule pamaso pa ana. Sanachitepo zimenezo nthawi yonse imene ndinali nawo, ndipo m'kalasi ankanditchula kuti "aphunzitsi" ngati mnzawo. Anadikira mpaka tili awiri, n'kutsegula kope limene ankalembamo ali kumbuyo kuja, wotchi ili padesiki. Anali atalemba kamzere pa funso lililonse limene ndinafunsa, ndi kamtanda pa lililonse limene ndinadziyankha ndekha. Timitanda tinali tambirimbiri. Anati, "Mwana wanga, phunziro lako linali labwino, koma unaphunzitsa pulojekita. Ukafunsa funso, tseka pakamwa, uwerenge chamumtima mpaka zisanu. Ana sakukana kuyankha, akuganiza."

Chinandikhudza kwambiri n'chakuti zimenezi ndinali nditaziphunzira kale. M'chaka chachiwiri tinawerenga za Mary Budd Rowe, katswiri wa ku America wa kaphunzitsidwe ka sayansi, amene cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anajambula maphunziro ambiri n'kupeza kuti mphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanalibwereze, kulisintha kapena kuloza mwana wina. Anapezanso kuti kudikirako kukafika masekondi atatu kapena kuposa, mayankho amatalika, ana ambiri amayesa kuyankha, ndipo "sindikudziwa" amachepa. Ndinaloweza zimenezi usiku woti mawa mayeso, ndinakhoza, n'kuziiwala. Hermann Ebbinghaus anaonetsa kale mu 1885 kuti zimene munthu waloweza zimathawa mofulumira m'maola ndi masiku oyamba ngati sakuzibwereza. Nayenso tinamuloweza chimodzimodzi. Umu ndi mmene ambiri tinkaphunzirira: kugona m'laibulale sabata ya mayeso, maso ofiira, kenako n'kutaya zonse pakhomo la holo. Panafunika mayi wa kope ndi wotchi kuti zimene ndinalemba papepala la mayeso zindilowe m'thupi.

Masekondi asanu m'kalasi yodzaza ndi aatali, anthuni. Umamva desiki ikulira, umaona maso onse ali pa iwe, ndipo pakamwa pamayabwa kuti ungoyankha zithe. Sabata yotsatira tinachita kafukufuku wa tsamba. Tinaphimba mbali imodzi ya tsamba ndi pepala lakuda likadali pachomera, tinachisiya padzuwa, kenako tinathyola tsambalo, kuliviika m'madzi owira, kulichotsa kubiriwira ndi sipiriti, n'kudontheza ayodini. Mbali imene inali poyera inada, kusonyeza kuti muli sitachi. Mbali yophimbidwa ija sinade. Ndinanyamula tsambalo m'mwamba n'kufunsa kuti, "N'chifukwa chiyani mbali iyi sinasinthe?"

Manja atatu aja anakwera nthawi yomweyo. Sindinawaloze. Ndinawerenga chamumtima. Ndili pa zinayi, kumbuyo pafupi ndi windo, mnyamata amene ndinali ndisanamvepo mawu ake anakweza dzanja mpaka paphewa pokha, ngati akufuna kulibweza. Ali ndi chibwibwi. Ataimirira, mawu oyamba anamukanirira, ndipo ena anayamba kuseka chapansipansi. Mayi aja anangotukula mutu, phokoso lonse linatha. Ine ndinadikirabe, ngakhale mtima unkafuna kumumalizira chiganizo. Anagwira desiki ndi manja onse awiri n'kunena, pang'onopang'ono, kuti mbali imeneyo sinaone dzuwa, ndiye sinapange chakudya. Kenako anawonjezera funso lake, kuti nanga usiku chomera chimadya chiyani. Funso limenelo silinali m'chikonzero changa, ndipo ndi limene linatitengera theka la phunziro, tikukambirana za sitachi amene chomera chimasunga masana. Atakhala pansi anayang'ana panja, koma ndinaona akumwetulira.

Mwana ameneyo ankadziwa kuyambira kale. Zaka zonsezi ankafunika munthu womupatsa masekondi ochepa chabe. Ndinapita kunyumba tsiku limenelo ndikuganiza za ana angati amene timawalemba kuti ndi ofooka chifukwa choti ifeyo tili pachangu.

Musandimve molakwika, sindikunyoza zipangizo zamakono. Popanda foni ya amayi sindikanafika dzulo. Pa TP pomwepo ndinagwiritsa ntchito PhET, zoyeserera za sayansi zaulere zimene Carl Wieman, amene anapata mphoto ya Nobel, anayambitsa ku University of Colorado Boulder mu 2002. Sukuluyo inalibe mabatire ndi mawaya okwanira, koma pa laputopu imodzi ana anasinthana kulumikiza magetsi, kuwonjezera mababu, n'kuona okha kuwala kukuchepa. Zimenezo choko sichikanatha. ChatGPT ndimaigwiritsabe ntchito pofuna mafunso obwerezera kapena njira ina yofotokozera chinthu, ngakhale ndinaphunzira kutsimikiza chilichonse m'buku, chifukwa tsiku lina inandipatsa yankho lolakwika molimba mtima ngati loona.

Nkhawa yanga ili pena. Zipangizozi zimayankha nthawi yomweyo, ndipo zatizoloweretsa kuona ngati kuchedwa kulikonse n'kulephera. Lev Vygotsky, katswiri wa ku Russia amene anamwalira mu 1934 ali ndi zaka 37 zokha, anafotokoza kuti pali mpata pakati pa zimene mwana angachite yekha ndi zimene angachite wina akamuthandiza, ndipo kuphunzira kumachitikira mumpata umenewo. Wothandizayo ayenera kudziwa pogwira ndi posiya, monga mmene timachitira ndi mwana woyamba kuyenda. Mwana akalemba funso pafoni n'kulandira yankho lathunthu lokonzedwa bwino, wanyamulidwa, sanayende. Ntchito yake ioneka yokongola, koma mutu wake sunatuluke thukuta. Ine ndemwe ndinachita zimenezo ndi phunziro langa loyamba, ndiye sindingamuweruze mwanayo. Ntchito yanga idzakhala kumufunsa kuti, "Tandiuza m'mawu ako," kenako n'kudikira.

Pali cholakwa china chimene ndiyenera kuvomera. Tsiku lina ndinapereka ntchito ya kunyumba yofuna kuonera kanema pa YouTube. Mtsikana wina anabwera asanalembe, ndipo ndinamuyankhula mokalipa. Pa nthawi yopuma ananditsatira n'kunena monong'ona kuti kwawo kulibe foni yotero. Ndinachita manyazi kwambiri. Ine amene ndinaphunzira chaka chathunthu pafoni yobwereka, pawindo limodzi, ndinali nditaiwala msanga chonchi. Ndinamupepesa, ndipo kuyambira tsiku limenelo ntchito iliyonse imene ndapereka imakhala yotheka ndi kope ndi cholembera. Iwe mwana, ngati udzawerenge izi, zikomo chifukwa cholimba mtima n'kundiuza.

Ambiri akhala akundifunsa kuti, "Ndi nzeru zakozo, bwanji uphunzitsi?" Ena amafunsa mwachikondi, poona mmene ntchitoyi imalemetsera anthu ndi kuchuluka kwa ana m'kalasi. Sindikuwatsutsa, ndaziona ndi maso anga. Ndaona aphunzitsi akuchonga makope mpaka usiku, mawu atasasa. UNESCO inanena mu 2024 kuti dziko lapansi likufunika aphunzitsi ena 44 miliyoni a pulaimale ndi sekondale pofika 2030, ndipo mbali yaikulu ndi yolowa m'malo mwa amene akusiya kapena kupuma. Mayi amene anandiphunzitsa kudikira ali m'gulu limenelo. Akachoka, kumbuyo kwa kalasi ija kudzakhalabe mwana wina wokweza dzanja mpaka paphewa, ndipo ndikufuna wina adzakhalepo womuona.

Alekichala athu onse, zikomo, makamaka amene ankabweza ntchito zathu zitadzaza inki yofiira m'malo mongolemba malikisi. Ogwira ntchito m'laibulale amene munkatisiya timalize ndime nthawi yotseka itakwana, alonda amene munkatiperekeza ndi tochi usiku wa mayeso, sindinakuiwaleni. Achemwali, munasamalira amayi atadwala kuti ine ndisaphonye TP, ndipo nthawi zonse pafoni munkangoti, "Kuno kuli bwino, iwe phunzira." Ana a m'kalasi ija, munandipirira ndikuphunzira pa inu.

Tsiku langa lomaliza pasukulu ija, mayi aja anang'amba tsamba la timizere ndi timitanda lija m'kope mwawo, anaphatikiza ndi lina la phunziro langa lomaliza, n'kundipatsa onse awiri. Pa lachiwirilo timitanda tinali tiwiri tokha. Usiku wathawu ndawaika mu envulopu imodzi ndi digiri. Mayi, ndikadzalandira kalasi yangayanga ndidzakuimbirani, mudzabwere ndi wotchi yanu mudzakhalenso kumbuyo kuja.