Ku Kuskovo, Ndagi za Alimi Zinandionetsa Mabwana

Nyumba yaikulu ya ku Kuskovo, kummawa kwa mzinda wa Moscow, imaoneka ngati yamiyala, chonsecho ndi yamatabwa omatidwa pulasitala. Banja la Sheremetev linaimanga pakati pa 1769 ndi 1775 kuti lizicherezeramo alendo m'nyengo yotentha. Poyenda m'zipinda zake zamagalasi ndi m'mbali mwa dziwe, mtima wanga unali pa alimi oposa 100,000 amene banjali linali nawo ngati katundu, anthu amene sankaloledwa kusamuka ndipo ankatha kugulitsidwa. Ambiri mwa alimi otere m'dziko la Russia ankalima minda ya bwana masiku angapo pa sabata popanda malipiro, monga zinkachitikira pa thangata kwathu kuno, kufikira Mfumu Alexander II inathetsa ukapolowu mu 1861.

Zithunzi za pakhoma zimaonetsa mmene mabwana ankadzionera okha, koma mmene alimi ankawaonera ndinazipeza m'ndagi zimene ndinawerenga ndisananyamuke. Dmitry Sadovnikov, mlembi wobadwira mumzinda wa Simbirsk ku Russia, anasindikiza ndagi zoposa 2,000 mu 1876, ndipo zambiri zimanena za nyumba, ng'anjo, ziweto ndi zida zolimira. Bwana akatulukira m'ndagi za mtundu umenewu, kawirikawiri amatulukira atachepetsedwa.

Ndagi ina imati: mlimi amataya pansi, bwana amasunga m'thumba. Yankho lake ndi mamina. Mlimi ankamina ndi zala n'kupitiriza ntchito, pamene bwana ankaminira pakampango, n'kukapinda bwinobwino, n'kukaika m'thumba. Ine ndimaona kuti ndagi imeneyi ndi yakuthwa kuposa chitonzo, pakuti chinthu chimene bwana ankachiyesa ukhondo ndi ulemu, mlimi anachiwerenga ngati umbombo wa munthu wosafuna kutaya kanthu, ngakhale chonyansa. Munthu amene chaka ndi chaka ankaona tirigu wa thukuta lake akulowa m'nkhokwe ya wina anali ndi chifukwa choganizira chotero.

Dona nayenso sanapulumuke. M'ndagi ina, amene wakhala pasupuni miyendo ili lendelende ndi dona, ndipo yankho ndi lapsha, chakudya chaufa chonga tizingwe. Chimene mlimi anaona mwa mkazi wa bwana ndicho kukhala chabe, wosagwira kanthu.

Nditatuluka m'nyumbamo ndinakaima pa kanyumba kokongoletsedwa ndi zigoba za m'nyanja, kamene anakamanga motsogozedwa ndi Fyodor Argunov, mmisiri waluso amene nayenso anali kapolo wa banjali. Alendo anzanga ankajambula zithunzi, ine ndikukumbukira mwambi wa alimi omwewo wakuti tirigu umutamande ali pamulu, ndipo bwana umutamande ali m'bokosi la maliro. Mawu otere sakanatheka kunenedwa pamaso pa kapitawo, koma ndagi inkadutsa bwinobwino madzulo a m'nyengo yachisanu, chifukwa aliyense akanatha kuyankha kuti akunena za mamina kapena za chakudya basi.