Mphete yokanirira pa Ponte Vecchio

Tili ku Florence, m'dziko la Italy, akazi anga anandiuza momveka bwino: "Abambo, ine ndikulowa m'tchalitchi. Inu mukandidikire pa mlatho wa Ponte Vecchio."

Ine mlatho ndimaudziwa: madzi pansi, zitsulo m'mbali, basi. Ndiye ndinangotsata khamu la anthu mpaka kulowa mu kamsewu kothina, masitolo uku ndi uku, onse ogulitsa golide. Ndinafika kumapeto, mlatho osauona. Ndinabwerera. Pakati pake pali malo otseguka pomwe pali chiboliboli cha Benvenuto Cellini, mmisiri wa golide wakalekale, koma ojambulitsa anali atatchinga ponse, ndipo ine msinkhu Mulungu anandimana.

Ndinalowa m'sitolo ina kuti ndifunse. Mkulu wina waimvi sanadikire funso, anangoona kasitomala. Dzanja langa gwi, mphete lowu! Kulowa inalowa bwinobwino. Koma kutuluka, ayi ndithu. Chala chinali chitatupa ndi kutentha. Nditasuzumira kapepala ka mtengo, ndinaona ndalama zofolera nyumba yonse ndi malata, thukuta n'kuyamba kutsika.

Mkuluyo ananditengera kuchipinda chakumbuyo kuti tikayese sopo. Ali mkati mopotokola chala changa, ndinafunsa mwaulemu kuti kodi mlatho wotchukawo uli mbali iti. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kutsegula zenera. Madzi a mtsinje wa Arno, pansi pathu penipeni! Kachipindako kanali kolendewera panja pa mlatho, kochirikizidwa ndi mitengo yotsamira kukhoma. Miyendo inazizira. Ndinagwira khoma ndi dzanja lotsalalo.

Pofuna kundilimbitsa mtima, anayamba mbiri. Mlathowu ndi wamiyala, wamakhonde atatu okhota pansi pake, ndipo anaumanga mu 1345, wakale utakokoloka ndi madzi mu 1333. Mu 1944 asilikali a Germany anaphulitsa milatho ina yonse ya mumzindawo, uwu wokha n'kuusiya. Mu 1966 madzi osefukira analowa m'masitolo momwemu, mlatho osagwa. Sindikudziwa kuti mkuluyu anaphunzira kuti kutonthoza munthu, chifukwa nkhani zake zonse zinali za kukokoloka ndi mabomba.

Foni inalira. "Muli kuti?"

"Pa mlatho."

"Pa mlatho ndili ine. Musandipusitse."

Posakhalitsa anatulukira pakhomo n'kupeza mwamuna wawo ali ndi thovu mpaka m'chigongono, mphete yagolide ikunyezimira kuchala.

"Imeneyo ndi ya ndani?"

Mkulu uja, poona kuti zavuta, anasintha nkhani. Analoza kudenga. Pamwamba pa masitolowa, anatero, pamadutsa njira yotchingidwa imene mmisiri Giorgio Vasari anamangira wolamulira mzindawo, Cosimo I de' Medici, mu 1565, kuti bwanayo azichoka kunyumba yachifumu ya Palazzo Vecchio kupita ku inzake ya Palazzo Pitti osakhudzana ndi anthu wamba. Nthawi imeneyo m'masitolomu munali mabutchala, zotsalira za nyama ankangoponya mumtsinje. Fungo linafika m'mphuno za akuluakulu, ndipo mu 1593 wolamulira wina, Ferdinando I, anawathamangitsa onse n'kuikamo amisiri a golide.

"Mukanabwera kale," anatero akuseka, "chala ichi sichikanativutitsa. Zikwanje zinali pomwepa."

Ine sindinaseke. Akazi anga anayang'ana mphete, anayang'ana mtengo, kenako n'kufunsa mkuluyo modekha:

"Pepani bambo, wa butchala sanatsaleko ngakhale mmodzi?"