Mmene ndimayendera ndi wophunzira ntchito pamalo oyeretsera madzi akumwa

Munthu akangolembedwa ntchito ngati wophunzira, sindiyamba n'kumuonetsa makompyuta a m'chipinda choyang'anira makina. Ndimamupatsa jombo, ovololo, magolovesi, magalasi oteteza maso ndi kabuku kolembamo, kenako timapita kumene madzi amalowera kuchokera kumtsinje kapena kudamu. Kuyambira pamenepo timawalondola wapansi mpaka pa paipi yomwe amatulukira kupita kwa anthu. Ngati mukufuna kulowa ntchitoyi, tiyeni tiyende ulendo womwewo.

Za mapepala ndinena mwachidule. Malo ambiri amafuna setifiketi ya sekondale yokhala ndi masamu ndi sayansi, ndipo amene anaphunzirako zamagetsi, zamakina kapena zamipope amakhala ndi mwayi woposa anzawo. M'mayiko ena pamakhalanso mayeso opezera chiphaso, omwe mumalemba mutagwira kaye ntchito moyang'aniridwa ndi munthu wodziwa. Pofunsidwa mafunso yembekezerani masamu osavuta: mu kyubiki mita imodzi muli malita 1,000, ndiye thanki yakutiyakuti idzaza pakatha maola angati? Adzakufunsaninso ngati mungagwire usiku, Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi. Musangovomera chifukwa chofuna ntchito. Makinawa sazima, ndipo shifiti ya usiku idzakufikani ndithu.

Polowera madzi pali zitsulo zotchinga masamba, nthambi ndi mapulasitiki. Zikatsekeka, madzi a kuseri kwake amatsika ndipo pampu imayamba kukoka mpweya, n'chifukwa chake kukokolola zinyalalazo ndi ntchito ya tsiku lililonse. Kuchoka apo madzi amathiridwa mankhwala otchedwa alum pamalo pomwe akusakanikirana mwamphamvu, kenako amayenda pang'onopang'ono kuti dothi losaoneka ndi maso ligwirane n'kupanga timibulu totchedwa floc. M'thanki yodikhitsira timibuluto timatsikira pansi n'kukhala matope. Madzi a pamwamba amadutsa m'masefa a mchenga, amathiridwa klorini, amakhala kaye m'thanki kuti mankhwalawo agwire ntchito, kenako mapampu akuluakulu amawatumiza. Sabata yoyamba ndimafuna kuti wophunzira ajambule yekha njira yonseyi pa pepala, ndi valavu iliyonse. Ndikaloza valavu n'kufunsa kuti, "Iyi mukaitseka, madzi apita kuti?" ayankhe osayang'ana pa pepalalo. Amene sakudziwa yankho asaigwire kaye.

Pa alum m'pamene timachedwa kwambiri, chifukwa pakalakwika apa, zonse za kutsogolo zimavuta. Kuvunduka kwa madzi timakuyeza mu muyezo wotchedwa NTU ndi kachipangizo kotchedwa turbidimeter. Kabotolo kake mukatsuke ndi madzi omwe mukuyezawo ndipo mukapukute kunja, chifukwa chidindo cha chala kapena tithovu ta mpweya timakweza nambala. Kuti ndidziwe mulingo woyenera wa alum sindichita kupenekera, ndimachita jar test. Ndimasungunula magalamu 10 a alum mu lita imodzi ya madzi oyera. Zikatero mililita imodzi ya madziwo ikathiridwa mu lita imodzi ya madzi a kumtsinje imapereka mamiligalamu 10 pa lita. Ndimadzaza mabika (makapu oyesera) asanu ndi limodzi, lita imodzi m'bika iliyonse, n'kuthira mamililita 1, 2, 3, 4, 5 ndi 6. Makina amatakasa mwamphamvu kwa mphindi imodzi, kenako pang'onopang'ono kwa mphindi 15 kapena 20, ndiye timazimitsa n'kudikira theka la ola. Pa nthawi yodikirayo ndimauza wophunzira aweramire pafupi n'kuyang'anitsitsa. Bika ina imakhala ndi timibulu tating'ono tongoyandama, ina imakhala ndi tikuluti totsika msanga ndipo madzi a pamwamba pake ali mbee. Timayeza NTU ndi pH (muyezo wa asidi m'madzi, womwe umatsika asidi akachuluka) m'bika iliyonse n'kusankha mulingo wochepetsetsa womwe wayeretsa bwino. Ambiri ongoyamba kumene amaganiza kuti alum wambiri ndiye madzi oyera kwambiri. Si choncho. Akachuluka mopyola, timibulu timasiya kugwirana, madzi amachita mbuu, ndipo mankhwala amangowonongeka.

Alum amatsitsa pH, ndipo amagwira bwino ntchito pH ikakhala pakati pa 6 ndi 7.5. Mvula ikagwa yambiri, madzi a kumtsinje amavunduka, inu mumawonjezera alum, pH imagwa, floc n'kukana kupangika. Wosadziwa amawonjezeranso alum ndipo vutolo limangokula. Choyenera ndi kuyeza pH, ndipo ngati yatsika, kuthira laimu kapena soda ash.

Mulingo ukapezeka mu bika, muusandutse makilogalamu. Tiyerekeze kuti malowo akuyeretsa makyubiki mita 500 pa ola, kutanthauza 12,000 pa tsiku, ndipo jar test yasonyeza mamiligalamu 30 pa lita. Chulukitsani 12,000 ndi 30, mugawe ndi 1,000, mupeza makilogalamu 360 pa tsiku. Ngati m'thanki ya mankhwala munasungunula magalamu 100 pa lita iliyonse, mufunika malita 3,600 pa tsiku, omwe ndi malita 150 pa ola, kapena malita awiri ndi theka pa mphindi. Musakhulupirire nambala yolembedwa pa kapampu kothira mankhwala. Tengani chikho choyezera ndi wotchi, muone zomwe kakutulutsadi pa mphindi imodzi. Timavalavu ta m'kati mwake timatha kapena kutsekeka, ndipo kamatha kumangogunda osatulutsa kanthu. Chinanso chomwe ndimabwereza kawirikawiri ndi kuleza mtima. Madzi amatenga maola awiri kapena kuposerapo kuti adutse m'thanki yodikhitsira, choncho mukasintha mulingo, zotsatira zake kumapeto kwa thankiyo simuziona msanga. Yang'anani floc pafupi ndi pomwe akupangikira, lembani nthawi yomwe mwasintha, ndipo musamangopotokola makina mphindi khumi zilizonse.

Matope a pansi pa thanki muziwatulutsa pa nthawi yake. Akakhalitsa amawola, amatulutsa mpweya n'kuyandama zibulumazibuluma, ndipo zonsezo zimakathera m'sefa.

Sefa imachapidwa pa zifukwa zitatu: madzi akuvutika kudutsa moti akwera pamwamba pa mchenga, NTU ya madzi otuluka yayamba kukwera, kapena maola omwe anaikidwa akwana, nthawi zambiri tsiku limodzi mpaka atatu. Pochapa sefayo, zomwe timati backwash, ndimatseka valavu yolowetsa, ndimalola madzi atsike mpaka pang'ono pamwamba pa mchenga, ndimatseka yotulutsa n'kutsegula yotayira. Kenako ndimapopa mpweya kuchokera pansi kwa mphindi zingapo kuti litsiro lilekane ndi mchenga, ndiye ndimatsegula madzi ochapira. Valavu imeneyi muitsegule pang'onopang'ono. Mukaitsegula kamodzin'kamodzi, miyala ya pansi imasokonekera ndipo mchenga umathawira mu ngalande. Nthawi yonseyi ine ndimakhala nditaima pamwamba pa sefa. Mchenga uyenera kutakasika mofanana ponseponse. Malo amodzi akamabwata kuposa ena, mwina nozo ya pansi, yomwe mpweya ndi madzi ochapira amatulukira, yasweka. Malo ongokhala chete ndiye kuti pagwirana matope. Madzi oyamba kutuluka sefa ikangochapidwa sakhala oyera bwino, ndiye ngati pali paipi yowatayira, atayeni mpaka NTU itatsika.

Chifukwa chomwe ndimaumirira pa sefa n'chakuti pali tizilombo tina, monga Cryptosporidium, tomwe klorini wa mulingo wa masiku onse satipha. Pamalo ngati ano, totere timagwidwa ndi alum ndi sefa basi. M'chaka cha 1993 mumzinda wa Milwaukee ku America tizilomboti tinadutsa pamalo oyeretsera madzi pa nthawi yomwe NTU ya madzi otuluka inali itakwera, ndipo anthu pafupifupi 400,000 anadwala. Madzi otuluka m'sefa azikhala pansi pa NTU imodzi, ndipo malo oyenda bwino amatsika kwambiri kuposa pamenepo.

Tsopano klorini. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti madzi akakhala ndi klorini kwa mphindi zosachepera 30, pH ili pansi pa 8, wotsalamo asachepere theka la miligalamu pa lita, ndipo pa mpopi wa munthu afike ali wosachepera 0.2. Poyeza ndimatsegula mpopi kuti madzi ayende kaye, ndimatunga mamililita 10, ndimaphwanyiramo piritsi loyezera klorini lotchedwa DPD nambala 1 osalikhudza ndi zala, ndipo ndimawerenga nthawi yomweyo mtundu wa pinki ukatuluka. Pali msampha umodzi woti muudziwe. Klorini akachuluka kwambiri, pinki amaoneka kamphindi n'kuzimirira, ndiye mumaganiza kuti mulibe kanthu n'kuwonjezera wina. Mukaona zotero sungunulani madziwo ndi madzi opanda klorini n'kuyezanso. Ngati mukugwiritsa ntchito klorini wa ufa, kumbukirani kuti mphamvu yake ndi pafupifupi 65 kapena 70 pa 100 alionse. Pa madzi aja okwana makyubiki mita 12,000 pa tsiku, mulingo wa mamiligalamu 2 pa lita ukufuna makilogalamu 24 a klorini weniweni, omwe ndi pafupifupi makilogalamu 37 a ufa wa 65. Ufawo muziuthira m'madzi, mudikire zinyenyeswa zake zidikhe kuti zisatseke mapaipi, ndipo usayandikane ndi asidi, oyilo kapena girisi.

Klorini wa gasi ndi nkhani ina, ndipo wophunzira sindimulola kusintha silinda yekha. Gasiyu amalemera kuwirikiza kawiri ndi theka kuposa mpweya wamba, choncho akatuluka amayenda pansi n'kudzaza m'maenje ndi m'ngalande. Posintha silinda timakhala awiri, chipangizo chopumira chili pafupi ndipo choyesedwa kale, washa timaika watsopano nthawi iliyonse, silinda timaimangirira ndi tcheni, ndipo sipanala imatsala pa valavu kuti titseke msanga pakavuta. Pofufuza podontha timayandikitsa nthunzi ya ammonia. Pakatuluka utsi woyera, ndi pomwepo. Osathira madzi pa silinda yodontha, chifukwa amapanga asidi yemwe amakulitsa bowo. Mukamva fungo lamphamvu, thawirani kumene mphepo ikuchokera komanso pamalo okwera.

Mapampu mumawaphunzira ndi makutu ndi dzanja. Yendani m'nyumba ya mapampu ola lililonse mpaka kulira kwake kwa masiku onse mutakuzolowera. Pampu ikamalira ngati m'kati mwake mukugubuduzika timiyala, ndiye kuti madzi sakuikwanira kumbali yokokera: onani zitsulo zotchinga zija, mulingo wa madzi ndi valavu yokokera, chifukwa ikapitiriza choncho impela, chitsulo chozungulira chomwe chimakankha madzi m'pampu, imadyeka. Bering'i yotentha moti simungasiyepo dzanja, kapena ma amp (magetsi omwe pampu ikukoka) okwera kuposa dzulo, n'zoyenera kulemba ndi kunena. Chotchinga madzi pomwe shafuti imalowera m'pampu chimakhala cha mitundu iwiri: pampu ya gland packing iyenera kudontha pang'ono kuti shafuti isapse, pomwe ya mechanical seal siyenera kudontha. Mapampu ambiri a mtundu wa centrifugal, omwe amakankha madzi ndi impela, timawayatsa ali odzaza madzi, valavu yotulutsira ili yotseka kapena yotsegula pang'ono, ndiye timaitsegula pang'onopang'ono kuti madzi asamenye mapaipi. Musanagwire makina alionse, zimitsani magetsi pa switchi yake yaikulu, ikanipo loko wanu ndi chikwangwani cha dzina lanu, kiyi akhale m'thumba mwanu, kenako dinani batani loyatsira kuti mutsimikize kuti sakuyaka. M'thanki, m'dzenje la mavalavu kapena malo ena opanikizika musalowe popanda chilolezo cholembedwa, popanda kuyeza mpweya, ndi popanda munthu woima kunja. Okosijeni akakhala pansi pa 19.5 pa 100 alionse musatsike. Mnzanu akakomoka m'katimo musamutsatire opanda chopumira, itanani thandizo. Anthu ambiri amafera m'malo otere pofuna kupulumutsa anzawo.

Zonsezi zimakumana m'buku lolembamo za shifiti, ndipo apa ndiye sindinyengerera. Lembani nambala yomwe mwayeza, pa nthawi yomwe mwayeza. Ngati simunayeze, lembani kuti simunayeze ndi chifukwa chake. Chiyeso chimakhalapo, makamaka usiku tulo tikagwira, chongokopera nambala ya ola lapitalo. Mu May 2000 m'tauni ya Walkerton ku Canada anthu asanu ndi awiri anamwalira ndipo oposa 2,000 anadwala chifukwa cha tizilombo ta E. coli m'madzi akumwa. Kafukufuku wa boma anapeza kuti oyang'anira madziwo ankalemba manambala a klorini osayeza. Nambala yoipa yolembedwa moona imathandiza wolowa shifiti yotsatira kudziwa pomwe vuto linayambira. Posiyirana ntchito ndimayenda ndi wolowayo n'kumuuza sefa yomwe yachapidwa, mulingo womwe ndasintha ndi nthawi yake, mankhwala otsala m'thanki, ndi makina omwe ali ndi loko.

Ndisanamusiye wophunzira yekha pa shifiti, ndimamufunsa chomwe angachite atapeza kuti klorini wasiya kulowa, kapena NTU ya madzi otuluka yapyola malire ndipo ikukwerabe. Yankho lomwe ndimafuna ndi lakuti aimitse kutumiza madziwo, aimbire womuyang'anira ngakhale pakati pa usiku, alembe nthawi yomwe wazindikira vutolo ndi nthawi yomwe anayeza komaliza zili bwino, ndipo atunge madzi m'botolo loyera oti akapimidwe ku labotale. Mathanki osungira madzi amapereka maola angapo okonzera vutolo. Akatero ayambe kufufuza kuchokera pa thanki ya mankhwala kapena silinda, kapampu, paipi, mpaka pomwe klorini amalowera m'madzi, ndipo asayatsenso mapampu otumiza mpaka muyezo utabwerera m'malo mwake.