Seva yokana kuzima tsiku la malipiro

Magetsi anathima cha m'ma 12 koloko, Lachisanu la kumapeto kwa mwezi, UPS ya kuofesi kwathu, batire yogwirizira seva magetsi akathima, nkuyamba kulira tii tii. Batire yake ndi nkhalamba, ndiye ine wa IT ndinathamangira kukachipinda ka seva kuti ndizimitse PostgreSQL, pulogalamu yosunga deta ya ofesi, mwaulemu isanagwe yokha.

Sikiriputi yomwe anasiya mnzanga amene anachoka ntchito imazimitsa PostgreSQL ndi lamulo la pg_ctl stop -m smart. Ndayiyendetsa, timadontho tikungoyenda pa sikirini, patatha masekondi 60 yandiyankha kuti "server does not shut down". Aaa! Smart ija khalidwe lake ndi la mwini bala waulemu, satseka chitseko mpaka kasitomala womaliza atatuluka yekha, komanso salola wina watsopano kulowa. Ndiye ine mwini wake ndati ndilowe pa psql, khomo lolankhulirana ndi PostgreSQL, ndione pg_stat_activity, mndandanda wa amene adakali m'kati, yandikana pakhomo, akuti "the database system is shutting down". Ukuzima chani iwe, suli phee apa?

Ndinapita pa ps aux, lamulo loonetsa zonse zimene zikuyenda pa seva, nkuona kamzere kamodzi kokha kolembedwa idle in transaction, kutanthauza kuti wina wayamba ntchito nkuisiya panjira, IP (adiresi ya pa netiweki) yake ya laputopu ya amayi a ku akaunti. Anatsegula transaction m'mawa, akulowetsa malipiro a ofesi yonse, sanapange COMMIT yosungira zimene alowetsazo, atseka ofesi ndi kiyi apita kukadya nsima. Ndawaimbira, foni yawo ikulira m'kati momwemo, ndikuimva pa windo.

Mlonda, yemwe anabwera kudzaonerera, akuti "bwana ingozulani chingwecho basi, ife wailesi timatero". Mnyamata wa intenishipu akuti kill -9, lamulo lopha pulogalamu mwankhanza, waiona pa YouTube. Ndinamuyang'ana mpaka anakhala pansi. Kupha postmaster, process yaikulu ya PostgreSQL, choncho kumatha kusiya shared memory (memori yomwe ma process ake amagawana) ili lende ndi tima process tamasiye, kenako seva nkumakana kudzuka, ine Loweruka langa nkuthera momwemo.

Njira yabwino inalipo, -m fast, yomwe imathamangitsa aliyense, kubweza ntchito yosamalizidwa, kulemba checkpoint (kusunga zomalizidwa zonse pa disiki) nkuzima bwinobwino. Koma ntchito yosamalizidwayo ndi malipiro athu, anga omwe, ndipo alandilodi anali atandiimbira kale kawiri. Ndinatuma wa intenishipu pa kabaza kukawasaka amayiwo kumalo odyera, UPS nayo yasintha nyimbo, tsopano ikulira mothamanga titititi.

Ndinadinda fast. Masekondi ochepa, "server stopped", yoyera ngati sinavutepo. Nthawi yomweyo magetsi nkuyaka, abale.

Amayi aja anafika akutokosa m'mano, ayang'ana sikirini, andiyang'ana ine. "Achimwene, manambala anga ali kuti?" Ndinayamba kufotokoza za rollback, kubweza kuja kwa ntchito yosamalizidwa, iwo anangotuluka pakhonde nkulengeza kuti malipiro ndi Lolemba, amene ali ndi funso akafunse a IT. Mlonda ndi amene anayamba kufika, akuti mukanazula chingwe chija.