Lachinayi: Nthanda m'mawa, mavu masana

Tulo tinandithawa 4 koloko isanakwane. Ndinatembenukatembenuka pabedi mpaka mayi a kunyumba anayamba kung'ung'udza, ndiye ndinangovala jekete n'kutuluka panja. Kunali zii. Chakum'mawa Nthanda inali itatuluka kale, ikuwala ngati nyale imene wina waiwala kuzimitsa, ndipo mlalang'amba unali utadutsa pamwamba pa denga ngati utsi woyera. Ndinaima pompo mpaka khosi linayamba kuwawa. M'mutu munangobwera Salmo 19, loti zakumwamba zimalalikira ulemerero wa Mulungu. Pa salmo limeneli ine ndimakonda ndime 3 ndi 4: ulalikiwo ulibe mawu, liwu lake silimveka, komabe wafika kumalekezero a dziko. Mlaliki wosatsegula pakamwa, wosayendetsanso mbale ya chopereka.

Masana kunabwera alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba. Amaphunzitsa sayansi ya zamoyo, ndipo kutchalitchi anasiya kalekale, ngakhale sachita nazo phokoso. Ine ndi amene ndinaputa. Nditawafotokozera za m'mawa ndinawonjezera kuti, "Alamu, munthu angaone zonsezija n'kumanenabe kuti kulibe Mulungu?"

Anaseka pang'ono. "Alamu, Nthanda yanuyo si nyenyezi ayi. Ndi pulaneti Venus. Pamwamba pake pamatentha kuposa madigiri 450, mitambo yake ndi ya asidi. Kukongola kumeneko n'kwa patali. Tabwerani muone za pafupi."

Ananditengera pakona pa khoma, pansi pa zenera, pamene kamavu kena kaumba kanyumba kadothi kangati kamtsuko. Mwezi wathunthu ndakhala ndikudutsa pamenepo osayang'ana. Titadikira pang'ono kamavuko kanabwera katanyamula mbozi yobiriwira, yayitali ngati iko komwe, n'kuyamba kuikankhira pakabowo. Mboziyo inkangogwedeza mchira mofooka.

"Siinafe imeneyo," anatero alamu. "Yalumidwa kuti ilumale basi. M'katimo muli dzira. Kakamata pakhomo, mphutsi iswa n'kuyamba kudya mboziyo ili yamoyo, chifukwa yakufa ikhoza kuwola." Kenako anandiuza kuti mu 1860 wasayansi wa ku England Charles Darwin analembera kalata mnzake Asa Gray, katswiri wa zomera wa ku America amene anali Mkhristu, kuti sakanatha kudzikakamiza kukhulupirira kuti Mulungu wachifundo ndi wamphamvu zonse analenga dala mtundu wina wa mavu umene ana ake amadyera m'thupi la mbozi yamoyo.

Pakamwa panga panauma. Posafuna kugonja ndinatchula za chombo cha m'mlengalenga cha Apollo 8, amuna atatu aja amene pa 24 Disembala 1968 anazungulira mwezi n'kuwerengera dziko lonse ndime 10 zoyamba za Genesis. Alamu anagwedeza mutu kuvomereza, n'kunena kuti William Anders, amene anayamba kuwerengako ndiponso amene anajambula chithunzi chotchuka chija cha dziko likutuluka kuseri kwa mwezi, anadzanena atakalamba kuti zimene anaona kumeneko zinagwedeza chikhulupiriro chake. Zenera limodzi, maso a anthu atatu. Nkhaniyo inathera pomwepo chifukwa mayi a kunyumba anatiyang'ana ndi diso lija.

Madzulo ndinatsegula Aroma 1. Ndinene zoona, ndinkafunamo ndodo yokwapulira alamu ulendo wina. Ndodoyo ilimodi. Paulo akuti kuyambira pa kulengedwa kwa dziko, zosaoneka za Mulungu zimazindikirika m'zinthu zolengedwa, moti anthu alibe mawu owiringula. Pa ndime 18 akunenanso zowawa kwambiri: vuto si kuchepa kwa umboni, koma anthu amakanikiza choonadi.

Nditawerenga kachiwiri mosathamanga ndinaona chimene ndakhala ndikuchilumpha. Paulo akutchula zinthu ziwiri zokha zimene chilengedwe chimaonetsa, mphamvu yosatha ndi umulungu. Sakunena kuti ukayang'ana thambo udziwa za chikhululukiro, kapena kuti mbozi ija idzakufotokozera chikondi. Ndipo Paulo yemweyo pa mutu 8 akuti cholengedwa chonse chikubuula ngati mayi amene ali pa zowawa za kubala. Ndiye kuti kamavu ka alamu sikanabweretse nkhani yachilendo. Kubuulako n'komwe ndinakuona ndi maso anga pansi pa zenera, ine n'kumafuna chilengedwe cha m'mawa chokha, chosalala.

Akale anaiganizira nkhaniyi kuposa ine. Chivomerezo cha ku Belgium cha 1561, chikalata chofotokoza chikhulupiriro cha mipingo ya Reformed, chimati chilengedwe chili ngati buku lokongola, zolengedwa zazikulu ndi zazing'ono ndizo zilembo zake, koma chimawonjezera kuti Mulungu amadziwika bwino koposa m'Mawu ake. John Calvin, mmodzi wa atsogoleri oyamba a mipingoyo, anayerekezera munthu ndi nkhalamba ya maso ofooka: imaona kuti papepala palembedwa zinazake, koma siingawerenge mpaka itavala magalasi, ndipo magalasiwo ndi Malemba. Msonkhano woyamba wa ku Vatican, wa mabishopu a Katolika, mu 1870 unati nzeru za munthu zikhoza kudziwa Mulungu motsimikiza kudzera m'zolengedwa. Katswiri wa zaumulungu Karl Barth mu 1934, pokangana ndi katswiri mnzake Emil Brunner pa za kudziwa Mulungu popanda Khristu, anayankha ndi liwu limodzi lakuti ayi. Ngati akuluakulu oterewa sanamvane, ine n'ndani kuti ndimalize nkhaniyo ndi funso limodzi pakhonde? Pakali pano ndili kumbali ya magalasi a Calvin, mwina chifukwa anganso ndikawavula ndimangoona mbuu.

Imene inandibaya ndi ndime 21 ya Aroma 1. Mlandu wa anthuwo akuti sanam'lemekeze monga Mulungu ndipo sanayamike. Ndinayesa kukumbukira ngati m'mawa muja ndinayamika. Ayi. Ndinasirira, ndinakumbukira salmo, kenako ndinasunga Nthandayo m'thumba kuti ndidzagendere munthu. Ndipo ukangotembenuza tsamba, mutu 2 ukuyamba ndi mawu omwe aja, wopanda chowiringula, koma tsopano akuloza munthu amene amaweruza mnzake.

Cha m'ma 9 koloko ndinawatumizira alamu uthenga pafoni, kupepesa chifukwa cha kafunsidwe kanga. Anayankha msanga. "Palibe kanthu alamu. Loweruka ndidzagona konko, mudzandidzutse 4 koloko, ndibwera ndi mabainokyula. Venus amaoneka ngati kamwezi kodukadi, simunaonepo." Za Mulungu sanatchule, inenso sindinawonjezere.

Ndisanagone ndinatenga tochi kukaunika pansi pa zenera paja. Kabowo kaja kamatidwa kale. Dothi la pakhomopo linali lisanaume, lakuda kuposa linzake.