Mmene ndinafufuzira dzina la apongozi anga, Birdwhistle

Apongozi anga aakazi, omwe tinayandikana nawo nyumba kuno ku Burnley, ku England, dzina lawo lobadwa nalo ndi Birdwhistle. Moyo wawo wonse ankati limatanthauza mluzu wa mbalame. Atandipempha kuti ndiwafufuzire, ndinangoti chabwino, osadziwa kuti ndadzisenzetsa ntchito ya miyezi itatu.

Ndinayambira pa tsamba la pa intaneti la FreeBMD, pomwe pali mndandanda wa obadwa, okwatirana ndi omwalira ku England ndi Wales kuyambira 1837. Sabata yoyamba inapita pachabe, ndipo wolakwa ndinali ine. Ndinkalemba dzinalo monga amalilembera iwo basi, agogo awo aamuna osaoneka. Nditayesa Birtwistle, Birtwhistle ndi Bertwistle, mpomwe anatulukira. Alembi akale ankalemba zimene khutu lamva, moti munthu mmodzi ankabatizidwa ndi zilembo zina, n'kudzaikidwa m'manda ndi zina.

Kenako ndinaitanitsa chikalata cha ukwati wa agogowo ku General Register Office, ofesi ya boma yosunga zikalata za kubadwa, ukwati ndi imfa. Ndalama zake sindidandaula nazo, chifukwa chimatchula bambo ake a mwamuna ndi a mkazi, pamodzi ndi ntchito zawo. Dzina la bambo a agogo aamunawo ndinalitsatira m'kalembera wa 1881, amene amapezeka pa FamilySearch, tsamba la pa intaneti lofufuzira mbiri ya makolo. Banja lonse linali la oomba nsalu za thonje, ana omwe.

Zakale kuposa 1837 muyenera kukazifuna m'mabuku a matchalitchi, omwe anayamba kusungidwa mu 1538. Ambiri a chigawo chino cha Lancashire anawakopera pa tsamba la pa intaneti la Lancashire OnLine Parish Clerks. Ine ndinakafika pa ana awiri otchedwa John, obatizidwa chaka chimodzi m'tchalitchi chimodzi. Ndinasiyira pompo. Kulota kuti wathu ndi uyu kukanakhala kuwapatsa apongozi makolo a eni.

Tanthauzo ndinalipeza m'mabuku a mayina a malo. Birtwisle kanali kamudzi ka ku Hapton, pafupi ndi Padiham, komwe kanatha kalekale. M'Chingerezi chakale, bridd ndi mwana wa mbalame, pomwe twisla ndi pokumana mitsinje iwiri, monganso mu Oswaldtwistle ndi Entwistle. Wopeka nyimbo wotchedwa Harrison Birtwistle anabadwiranso chapafupi pomwepa, ku Accrington, mu 1934.

Ndinakawauza tikumwa tiyi. "Amayi, mbalame ilipo, koma mluzu palibe. Ndi mitsinje." Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa ngati ndingawaperekeze ku Hapton Loweruka, mvula ikapanda kugwa.