Chimbale chinakakamira pa wailesi banja likumvera ku Tengani

Mwezi wa Okutobala kuno ku Chigwa cha Shire makina amavutika kwambiri. Masana kutentha kumadutsa madigiri 40, mphepo ikawomba imabwera ndi fumbi, ndipo akamawotcha nzimbe ku Nchalo phulusa limalowa mpaka mu situdiyo. Ine ndimayang'anira makina pa wailesi ina ya m'dera kuno. Sabata yathayi inayamba monga mwa masiku onse, kukonza maikolofoni a alendo, kufunafuna dizilo wa jenereta, kukajambula alimi a thonje ku Ngabu. Anzanga a ntchitoyi zimenezo mukuzidziwa, sinditayirapo nthawi.

Chandikhalitsa pansi ndi cha Lachinayi usiku. Kwa Tengani kunamwalira gogo wina woimba valimba, yemwe wailesi yathu inamujambula zaka zambiri zapitazo. Abale ake anatumiza uthenga wopempha kuti timuike pa wailesi usiku wa maliro, anthu osonkhana pa siwa amumve komaliza. Nyimbo zake tinali nazo pa chimbale chimodzi chokha, cha CD-R, mtundu wa CD womwe munthu amajambulapo yekha, chomwe chinkakhala m'katoni pansi pa zenera. Muulutsi anachiika m'makina a mu situdiyo. Nyimbo yoyamba inayenda bwino, yachiwiri inayamba kudumphadumpha, kenako inakakamira pa liwu limodzi, kubwereza, kubwereza, chigwa chonse chikumva. Mnyamatayo mantha atamugwira anachitulutsa n'kuchipukuta ndi malaya ake, mozungulira. Pamene ndimalowa, zipsera zinali zitawonjezereka. Foni ya situdiyo inalira, mwana wa malemuwo akufunsa modekha kuti, "Achimwene, bambo athuwo ndi omwewo tawamvawo basi?" Ndinalibe chomuyankha.

M'mawa mwake abwana anandiitana. "Achimwene, mwatichititsa manyazi. Zimbale zokalika muzitaya, musamazilole kulowa mu situdiyo." Ndinawapempha kuti anditsatire ku chipinda cha nkhani. Chimbale chomwecho ndinachiika mu kompyuta, ndipo nyimbo yomwe inakakamira ija inayimba kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndinachiikanso mu DVD yakale ya alonda, chinayimbanso. Iwo anangoti, "Ndiye vuto lili pati?"

Vuto lili pa diso la makina athu, ndipo ndakhala ndikulemba zimenezi m'malipoti kwa nthawi yaitali. Chimbale chimawerengedwa ndi kuwala kwa laser kuchokera pansi, kuyambira pakati kupita m'mphepete, motsata mzere umodzi wozungulira wotalika makilomita oposa 5. Sony ndi Philips potulutsa CD mu 1982 anadziwa kuti zimbale zidzakalika, choncho anaikamo njira yoti makina azidzikonzera okha pomwe pasowa. Chipsera chopingasa, chochokera pakati kupita kunja, chimangodya kachigawo kakang'ono pa mzerewo paliponse pomwe chaudutsa, ndipo ngati kachigawoko sikanapitirire mamilimita awiri kapena kuposerapo pang'ono, khutu silimva kalikonse. Chipsera chozungulira ndiye choopsa, chifukwa chimatsata mzere womwewo ndi kuudya motalika, diso n'kusochera. Pa chifukwa chimenechi chimbale chimapukutidwa kuchokera pakati kupita kunja ndi kansalu kofewa, ndipo aulutsi athu palibe anawaphunzitsapo, popeza maphunziro amaonedwa ngati kuwononga ndalama.

Nanga makina amasiyana bwanji? Diso lodzaza fumbi komanso laser yokalamba zimaona movutikira ngakhale chimbale chili chatsopano, ngati munthu wa ng'ala akuwerenga madzulo. Ndiye uwonjezerepo kuti CD-R sibweza kuwala kokwanira monga chimbale chodindidwa ku fakitale, ndipo utoto wake wosungira mawu umafooka ndi dzuwa ndi kutentha, zomwe kuno sizisowa. Makina athu a mu situdiyo amawerenga kamodzi, akalephera alephera. Kompyuta imatha kubwerera pamalo ovutawo kangapo, kuchepetsa liwiro, mpaka itapeza mawu. Makina ena a m'galimoto ndi oyenda nawo amasunga kaye masekondi angapo asanatulutse mawu, moti akapunthwa omvera sazindikira. Chimbale n'chimodzi, zipsera n'zomwezo, koma china chimapirira, china ayi.

Zomwe ndakhala ndikupempha si zambiri. Lenzi yatsopano, ndiye kuti diso lija pamodzi ndi laser yake, yomwe okonza mawailesi ku Limbe amatha kuipeza, kabati yotseka yosungiramo zimbale, ndi hard drive imodzi yoti tikoperemo zonse tinajambula. Yankho limakhala lakuti bajeti kulibe. Koma ndalama zopentera chikwangwani cha pa msewu zinapezeka, za maalawansi a misonkhano ku Blantyre sizinasowepo. M'makatoni aja muli nyimbo za Chisena ndi Chimang'anja, magule a utse, mawu a mafumu ndi agogo omwe ambiri anatisiya. Madzi osefukira a 2015 ndi a namondwe Freddy mu 2023 anatiphunzitsa kale kuti kuno katoni ya pansi sichedwa kunyowa, komabe palibe chasintha.

Lachisanu lonse ndinakhala pa kompyuta kupulumutsa chimbale cha gogo uja. Nyimbo zambiri zinatuluka zoyera. Yomaliza inakana. Nditachiyang'ana pa dzuwa ndinaona kuwala kukudutsa pa timabowo, pomwe wina analemba dzina ndi bolopeni kumtunda. Anthu amasamala mbali yonyezimira n'kuiwala kuti mawu ali pafupi kwambiri ndi mbali yolembapoyo, pansi pa kakhungu kopyapyala. Mbali yonyezimira ikakalika umatha kuipukuta ndi mankhwala osalalitsa, koma kumtunda kukasupuka ndiye kuti mawuwo apita. Nyimbo imeneyo palibe makina pa dziko lino angaibweze, ndipo mwini wake aikidwa m'manda Lachisanu lomwelo.

Zotsalazo tinaziulutsa Loweruka madzulo kuchokera pa kompyuta, ndipo ndinakopera banjalo pa flash yanga, n'kupatsira wa minibasi yopita ku Nsanje. Diso la makina a mu situdiyo ndalipukuta ndi thonje ndi spirit, likuona pang'ono, koma laser yatha ndipo sitifika nayo Khrisimasi. Kalata yopempha lenzi ndi hard drive ndailembanso, ili pa tebulo la abwana. Pakadali pano madzulo aliwonse ndikamaliza ntchito ndikumakopera zimbale zingapo pa kompyuta ya nkhani, kuyambira ndi za anthu omwe anamwalira kale.